Za Masuti a Amuna ku Mzuzu, ndi za Atelala Amene Tawaiwala

Munthu amene afika ku Mzuzu tsiku Loweruka m'mawa, m'miyezi ya maukwati, naima pambali pa msewu ku Katoto kapena pakhomo pa nyumba ya mapemphero iliyonse ya mumzindamo, adzaona chinthu chimene agogo athu sakadachikhulupirira. Anyamata asanu ndi mmodzi, kapena asanu ndi atatu, atsika m'galimoto onse atavala masuti a mtundu umodzi, nsalu yake yong'anima padzuwa ngati mamba a usipa. M'mawa mwake akulu a mpingo akhala kutsogolo m'masuti akuda. Ndipo Lolemba alembi a m'mabanki, aphunzitsi a pa sukulu ya ukachenjede ku Luwinga, ndi maloya opita ku bwalo la milandu, onse ayenda m'chovala chomwecho. Malo amene anayamba mu 1947 ngati munda wa mitengo ya tung, nakwezedwa kukhala mzinda mu 1985, napezeka ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, lero avala suti monga ngati anabadwa nayo.

Ife sitilemba mawu awa kuti tinyoze chovalachi, iyayi. Pakuti ifenso tili nayo suti yathu yopachika kuchipinda, ndipo tiikonda. Koma tifuna kuiyesa monga munthu wanzeru ayesa mpando asanaugule, naugwedeza, nayang'ana pansi pake. Mafunso athu ndi atatu. Kodi masuti amene tiwaona lero asokedwa bwino? Kodi awakhala eni ake? Ndipo ndalama zimene zitayidwa pa iwo zipita m'thumba la yani? Nkhaniyi si ya anthu a mumzinda okha. Chaka ndi chaka abale ochokera ku Ekwendeni, ku Mpherembe, ku Usisya ndi ku Chikangawa akwera galimoto kunka ku Mzuzu kukagula suti ya ukwati wa mwana, atagulitsa fodya, kapena khofi, kapena mbuzi ziwiri. Ndipo ambiri abwerera ndi chinthu chimene chidzawachititsa manyazi chaka chisanathe. Kuyenera tsono kuti munthu adziwe chimene agula.

Tiyambe ndi kumene chinachokera. M'chaka cha 1666 mfumu ya ku England, Charles II, inalamula kuti akuluakulu a pabwalo pake aleke zovala zamanyado za ku France, navale jekete yaitali ndi chovala china chamkati. Ndipo ambiri ayesa kuti pamenepo ndipo panabadwira suti ya zidutswa zitatu. Patapita zaka zoposa 100 munali munthu mu London dzina lake Beau Brummell, amene anaphunzitsa olemera a masiku ake kuti mwamuna alemekezeka ndi nsalu yodera yodulidwa molingana ndi thupi, ndi malaya oyera ochapidwa bwino, koposa ndi nsalu zamawangamawanga. Munthuyo anafera mu umphawi ku France mu 1840, ngongole zitamthamangitsa kwawo. Ndipo ili ndi phunziro limene tidzabwererako. Koma chiphunzitso chake chinatsala m'manja mwa atelala a mu msewu wa Savile Row, kumene kufikira lero munthu ayesedwa thupi, nabwerera kawiri kapena katatu kudzayesa chovala chisanathe, ndipo suti imodzi idya maola oposa 50 a ntchito ya manja.

Kuno kwathu makolo anavala nyanda ndi zikopa, ndipo ku chigwa cha Shire anaomba nsalu zawo za thonje Azungu asanafike. Pambuyo pake panadza merikani ndi biriwita, ndi nsalu za m'masitolo a Mandala, kampani imene inayamba mu 1878. Jekete ndi tayi zinalowa ku mpoto pamodzi ndi sukulu. Amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, natsegula sukulu yaikulu ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anatulutsa aphunzitsi, alembi ndi amisiri. Ndipo anthu amenewa ndiwo anayamba kuvala monga aphunzitsi awo. Tisafulumire kunena kuti anangotsanzira, pakuti masiku amenewo chovala chinali mlandu. Munthu wakuda wovala chipewa akakumana ndi Mzungu panjira anauzidwa kuti achivule, ndipo wokana anagwa m'mavuto. Mbusa John Chilembwe, atabwerera kuchokera ku America mu 1900, nakhazika mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, anavala suti yonse ndi chipewa, nalimbikitsa anthu ake kuvala mwaukhondo. Itatha nkhondo yake ya mu January 1915, boma litaika bungwe lofufuza chimene chinaiutsa, pakati pa madandaulo amene mboni zinatula panali nkhani yomweyi ya chipewa. Chifukwa chake mmisiri wa kwathu, Samson Kambalu, poumba chifanizo chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London mu 2022, anamuumba Chilembwe ali chiimire, chipewa chili kumutu.

Chomwechonso anachita ana a ku mpoto amene anapita kutali. Clements Kadalie, wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anaphunzira ku Khondowe, anayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, nafika mpaka ku Geneva mu 1927 kukanenera antchito akuda. Levi Mumba, mlembi wa North Nyasa Native Association ya mu 1912, ndiponso pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anali wa gulu lomwelo la amuna amene anaima pamaso pa atsamunda atamanga tayi, kuti asawapatse chifukwa chowapeputsira. Ndipo amuna zikwizikwi amene anapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Johannesburg, pobwerera anadza ndi bokosi lachitsulo, m'mene munali bulangete, nsalu ya mayi, ndi suti. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona. Pakuti sutiyo inali mboni yakuti munthuyo sanatchone, sanamwere ndalama zake, koma anakumbukira kwawo. Abale athu a Chitonga a ku Nkhata Bay atchuka kufikira lero ndi kudzisamala pa chovala, ndipo yense amene anaonapo gule wa malipenga adziwa kuti kumeneko mzere wa simbi pa kabudula si nkhani yamasewera.

Pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika m'ndege pa Chileka pa 6 July 1958, anali m'suti ya Chingerezi. Ndipo zaka zonse 30 za ulamuliro wake anaonekera kwa anthu m'suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa, ngakhale pa dzuwa la October. Anzake a m'maiko ena anatsata njira ina. Julius Nyerere wa ku Tanzania anavala jekete yosafuna tayi. Kenneth Kaunda wa ku Zambia anatchukitsa chovala chimene chitchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Mobutu wa ku Zaire analetsa suti ndi tayi mu 1972. Ndipo pambuyo pake Nelson Mandela anaonekera pamaso pa mafumu a dziko lapansi m'malaya amaluwa. Koma ife tinatsala ndi suti ya ku London, ndipo boma linaikanso manja ake pa zovala za anthu: lamulo la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba maondo, ndipo amuna analetsedwa tsitsi lalitali ndi mathalauza otambalala kumapazi. Malamulo amenewa anagwa itapita referendamu ya pa 14 June 1993, koma chizolowezi chinatsala. Potero suti ya Mmalawi ili ndi nkhope ziwiri. Kwa Chilembwe inali ngati kunena kuti, Inenso ndine munthu. M'masiku a chipani chimodzi inasanduka kunena kuti, Ine ndine wamkulu, iwe khala chete. Mwamuna aliyense amene amanga mabatani a jekete yake lero ayenera kudzifunsa kuti anena mawu ati mwa awiriwa.

Tsono kunja kwa dziko lino chovalachi chasintha maonekedwe kangapo m'moyo wathu womwe uno. M'zaka za m'ma 1980 kunabuka chimene Azungu anachitcha suti ya mphamvu: mapewa otambalala otupitsidwa mkati, chifuwa chachikulu, mabatani a mizere iwiri, kuti wovalayo aoneke wamkulu kuposa mmene anabadwira. Inali suti ya amalonda a ndalama a ku New York, ndipo filimu ya Wall Street ya mu 1987 inathandiza kuifalitsa padziko lonse. Wosoka wa ku Italy, Giorgio Armani, amene anamwalira mu September 2025, ndiye anatchuka koposa m'nyengo imeneyo, ngakhale nzeru yake inali yofewetsa jekete, kuchotsamo zouma za mkati kuti igwe pathupi mofatsa. M'zaka zoyamba za m'ma 2000 mphepo inatembenuka: masuti anakhala othina ndi aafupi, mathalauza nalekeza pamwamba pa akakolo. Ndipo mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, ambiri ku Ulaya ndi ku America analeka suti konse, kotero kuti Brooks Brothers, sitolo ya masuti imene inayamba mu 1818, inagwa ndi ngongole m'chaka chomwecho, nigulitsidwa. Tsopano mapewa aakulu ayambanso kubwerera. Mafunde onsewa afika ku Mzuzu mochedwa, ndiponso onse pamodzi. Kotero kuti pa ukwati umodzi muona atate a mkwati m'mapewa a 1985, ndi mkwati mwini wake m'jekete yothina imene eni ake kunja anaitaya kale.

Suti ifika pa msana wa munthu wa ku Mzuzu podzera njira zitatu, ndipo tiziyese imodziimodzi. Njira yoyamba ndi ya suti yatsopano ya m'sitolo. Zambiri za izi zisokedwa m'mafakitale a ku China ndi ku Turkey, nizidzera ku Dar es Salaam, niziwoloka pa Songwe, kapena zichokera ku Johannesburg m'mabasi. Ubwino wake ngwakuti munthu alowa m'mawa, natuluka nayo masana. Koma tikaitembenuza tiona kuti chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Kuti timvetse bwino, tidziwe kuti jekete ili ndi nsalu zitatu zosanjikizana: ya kunja, yoterera ya mkati, ndi yachitatu yobisika pakati, imene ipatsa chifuwa maonekedwe ake. Pa kasokedwe kakale nsalu yapakatiyi iombedwa ndi ubweya wa nkhosa ndi wa kavalo, ndipo telala ailumikiza ndi timisoko ting'onoting'ono tambirimbiri, akumapinda ndi chala pamene asoka, kuti kolala wa pachifuwa apindike mofatsa ngati tsamba la nthochi. Jekete yotere iphunzira thupi la mwini wake, ndipo ikoma ikamakalamba. Koma pa masuti otsika mtengo nsalu yapakatiyi angoimata ndi guluu pa makina amoto. Ikanyowa ndi mvula, kapena ikapsa ndi simbi, guluu uja alekana ndi nsalu, ndipo pachifuwa patuluka matuza amene palibe telala angathe kuwachiza.

Nsalu ya kunja nayonso ili ndi mlandu wake. Suti yeniyeni iombedwa ndi ubweya wa nkhosa, umene ufunditsa m'chisanu, nulola thukuta kutuluka, ndipo makwinya ake atha okha mukaipachika usiku umodzi. Koma zambiri zong'anima zija ndi za poliyesitala, ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, mbale wake wa pulasitiki. Munthu wovala chotere pa mwambo wa maola anayi aphikidwa ngati mbatata. Pali njira yapafupi yozindikirira: tengani kaulusi kamodzi ka m'mphepete mwa msoko wa mkati, nimukayatse ndi machesi. Ubweya ununkha ngati tsitsi lopserera, nusiya phulusa lofumbutuka pakati pa zala. Poliyesitala asungunuka, nasiya kanjere kolimba. Ndiponso mafakitale, pofuna kupulumutsa nsalu, sasiya yapadera m'misoko. Tinali pa ukwati wina pamene mnyamata woperekeza mkwati anawerama kutola ndalama za perekaniperekani, thalauza lake nkung'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno. Ndipo mayi amene anathamanga ndi singano sanapeze nsalu yogwira. Anthu anaseka, koma ife tinamva pambuyo pake kuti mnyamatayo anali asanathe kubweza ngongole ya sutiyo.

Njira yachiwiri ndi ya kaunjika. Apa tinene zoona, ngakhale zitipweteke: kawirikawiri suti yabwino koposa ituluka m'belo. Pakati pa zovala zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America ataya, ipezeka jekete ya ubweya weniweni, yosokedwa bwino zaka zambiri zapitazo. Munthu wa maso akuthwa, amene alawirira pa msika tsiku lotsegula belo, aipeza pa mtengo wochepa ndithu. Sitingamdzudzule mphunzitsi wa kumudzi kapena mkulu wa mpingo amene avala yotere, wachita mwanzeru. Koma zilipo zodandaulitsa ziwiri. Choyamba, chovalacho chinadulidwira munthu wina, wa msinkhu wina. Ndipo tiona abambo olemekezeka akuyenda manja atamira m'mikono ya jekete, mapewa akulendewera ngati mapiko a nkhuku ya chitopa. Chachiwiri, belo ndilo linatontholetsa makina a atelala ambiri. Pamene malonda anamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, kaunjika anasefukira, ndipo fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene inaveka dziko lino zaka zambiri, inafooka, nigulitsidwa mu 2003. Maiko a kum'mawa kwa Africa anapangana mu 2016 kuti aletse zovala zakalezi. Koma America ataopseza, Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo, ndipo Rwanda, amene anakana kugonja, analangidwa pa malonda a zovala mu 2018. Jekete ya pa mulu ija ili ndi eni ake amphamvu kutsidya kwa nyanja.

Njira yachitatu ndi ya telala, ndipo apa ndi pamene mtima wathu uli. Yendani m'makonde a masitolo a pakati pa mzinda, ndi m'misika ya ku Chibavi, ku Chiputula, ku Zolozolo ndi ku Luwinga: mudzawapeza ali chiweramire pa makina awo a Singer kapena a Butterfly, opalasa ndi mapazi, tepi ili m'khosi. Funsani chimene asoka, ndipo mudzamva: mayunifomu a ana a sukulu, zovala za amayi a Umanyano, madiresi a chitenje, kusintha zipi, ndi kuchepetsa za pa kaunjika. Ntchito zonsezi nzabwino, ndipo zidyetsa mabanja. Koma funsaninso kuti ndi angati mwa iwo angathe kutenga nsalu ya mamita atatu ndi theka, kuyesa munthu, kulemba ndi choko, kudula, ndi kutulutsa jekete imene kolala wake agona pakhosi osasiya mpata. Mudzapeza kuti ndi owerengeka, ndipo ambiri a iwo ali ndi imvi. Luso limeneli likhala m'zala, ndipo lipita kwa wophunzira amene akhala pambali pa mphunzitsi wake zaka zingapo, kuyamba ndi kusoka mabowo a mabatani. Ngati palibe wobwera kudzasoketsa suti, mkuluyo alibe chophunzitsirapo. Ndipo tsiku limene tidzamnyamula kunka naye kumanda, tidzakwirira pamodzi naye sukulu yathunthu. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji a ntchito zamanja aphunzitsa achinyamata kusoka, ndipo tiwayamika. Koma za m'kalasi zokha sizikwana kuti munthu adziwe kumanga phewa la jekete.

Koma atelala nawonso asayese kuti tawakhululukira zonse. Chimene chinathamangitsira anthu ku sitolo si mtengo wokha. Ndani mwa ife sanamvepo mawu aja akuti, Bwerani mawa, yangotsala mabatani. Ndipo mawa lakelo lafika kasanu ndi kawiri? Ndani sanaonepo mkwati atakhala pa benchi ya telala usiku wa Lachisanu, akudikira jekete ya ukwati wa m'mawa mwake? Alipo amene alandira chikole cha anthu khumi pamene manja awo akwana atatu. Alipo amene ayesa munthu kamodzi, osamuitananso kudzayesa chovala chikali cholumikiza ndi ulusi woyera, chimene ndicho mtima wa luso lonseli. Alipo amene asoka nsalu ya mizere osasamala kuti mizereyo ikumane pa msoko wa kumsana ndi pa matumba. Tidziwa kuti nawonso ali pa moto. Dziko lathu lilima thonje, koma siliomba nsalu ya ubweya; nsalu ya suti ndi mabatani ake zichokera kunja, ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera kwambiri. Komabe kusunga pangano sikugulidwa ndi ndalama zakunja. Telala amene anena tsiku nalisunga adzakhala ndi anthu pakhomo pake ngakhale m'chaka cha njala.

Tsono inu amene mudzapita kukagula kapena kukasoketsa, gwirani zizindikiro izi, pakuti sizisintha ndi nyengo. Msoko wa phewa uthere pamene pathera fupa la phewa lanu. Pakuti telala angathe kufupikitsa mikono ndi kuchepetsa m'chiuno, koma phewa lolakwika livuta kulikonza. Kolala wa jekete agone pa kolala wa malaya, ngakhale mutatembenuza mutu. Mukamanga batani, nsalu isakokeke pamimba ngati chikopa cha ng'oma, koma dzanja lanu lilowe bwino pakati pa jekete ndi chifuwa. Jekete iphimbe matako. Mkono wake ulekeze pa mfundo ya dzanja, kuti malaya aonekere pang'ono monga kukula kwa chala chimodzi. Thalauza ligwe pa nsapato ndi khwinya limodzi, losakwekwereza m'fumbi ndi losathawa akakolo. Tembenuzani chovalacho, nimuone ngati m'misoko mwasiyidwa nsalu yodzakulitsira mukadzanenepa. Tsinani jekete m'munsi mwa batani lomaliza, kunja ndi mkati, nimupatule: mukamva nsalu yachitatu yomasuka pakati, dziwani kuti si yomata. Ndipo kansalu kolembedwa dzina la kampani kamene kasokedwa pa mkono, kadulidwe musanatuluke m'nyumba. Anakaikapo kuti kathandize wogulitsa, ndipo kukasiya kuli ngati kudya nthochi ndi makoko ake.

Pa chinthu chimodzi anthu a ku Mzuzu ali ndi mwayi woposa anzawo. Mzindawu uli pamwamba, pa mapiri a Viphya, ndipo m'miyezi ya June ndi July chisanu chake ndi nkhungu zake zimfunsa munthu jekete, afune asafune. Kumeneko suti ya ubweya ili pakwawo. Koma tsikani ku Nkhata Bay, kapena pitani ku Karonga mu November, ndipo chovala chomwecho chisanduka chilango. Nzeru ikadatiuza kuti kunyanja tisoketse majekete a thonje opepuka, opanda nsalu ya mkati kumsana, monga achita atelala a ku Naples ku Italy, kumene nakonso kutentha; koma ife tiopa kuti anthu adzati tasauka. Kasamalidwe koipa nako katha masuti ambiri msanga. Suti siichapidwa m'beseni ndi kufinyidwa ngati thewera. Ipukutidwe ndi burashi, ipachikidwe pa hang'ala, osati pa msomali, ipumule tsiku limodzi isanavalidwenso. Ndipo posita ndi simbi ya makala, pakhale kansalu konyowa pakati pa simbi ndi suti. Yosungidwa chotero ikhala zaka zambiri, ndipo mwana adzaichepetsa nadzaivala.

Tibwere tsopano ku dzina lija, suti ya mphamvu. Kodi nsalu ingampatse munthu mphamvu? Tivomere kuti itsegula makomo. Mlonda wa pa ofesi aimirira poona tayi, pamene mlimi wa nsapato za matayala auzidwa kudikira panja, ngakhale kuti ndi msonkho wa mlimiyo umene unamanga ofesiyo. Akuba a masiku ano adziwa ichi bwino lomwe: asiya chikwanje kunyumba, nabwera ndi suti ndi chikwama, natenga ndalama za akazi amasiye powalonjeza phindu lalikulu. Ngakhale m'nyumba za mapemphero chiyeso chomwechi chilipo, chimene kalata ya Yakobo inachidzudzula kale, cha kusankhira munthu mpando poona chovala chake; ndipo tamva za amuna amene aleka kubwera pa Sabata chifukwa alibe jekete. Onani Inkosi ya Makosi M'mbelwa ndi amakosi ake pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora: avala zikopa ndi nthenga, ndipo palibe munthu afunsa kumene kuli ulemu wawo. Ulemu unali mwa Chilembwe asanavale chipewa. Chipewacho chinangouonetsa poyera. Ndipo kumbukirani Brummell, amene anaphunzitsa London kuvala, nafa ali wosauka m'dziko la eni. Komiti ya ukwati imene ilamula anyamata osagwira ntchito kugula masuti ofiira kapena obiriwira amene sadzavalidwanso, niwatumiza kwa akatapila ndi ku banki m'khonde, ichite manyazi. Suti imodzi yodera ikwana ukwati, maliro, mlandu, ndi kufunsira ntchito.

Sitinena kuti zonse zatsopano nzoipa. Tsabola wakale sawawa, atero achinyamata, ndipo pena anena zoona. Tiona osoka achinyamata amene adula jekete ya chitenje ndi luso la suti, ndipo chionetsero cha Mzuzu Fashion Week, chimene chinayamba mu 2015, chinawapatsa bwalo loonetserapo ntchito zawo ku mpoto komwe. Zina mwa izo zichititsa maso phokoso, monga ngati munthu wavala nsalu ya pazenera. Koma zina nzokoma ndithu, makamaka pamene chitenje chiikidwa mkati, kapena pa chovala chamkati chopanda mikono, nsalu ya kunja nikhala yofatsa. Njira imeneyi ili ndi tsogolo, pakuti isunga ndalama m'manja mwa mmisiri wa kwathu. Koma idzafuna kulimba mtima kwa akuluakulu. Ku Kenya, mu November 2023, sipikala wa nyumba ya malamulo analetsa aphungu kulowa atavala suti ya Kaunda ndi zovala zina za Chiafirika, nalamula jekete ndi tayi. Ndipo ife tiona m'menemo mantha akale aja, akuti munthu wakuda sakwana kufikira atavala ngati Mngerezi. Chimene tiyenera kuphunzira ku Savile Row ndicho kuyesa, kudula ndi kusoka mokhulupirika. Nyengo ya ku London tiwasiyire eni ake.

Mawu athu otsiriza ndi awa. Inu atate amene mwagulitsa mbewu zanu kuti muveke mwana, musathamangire chong'anima. Ngati thumba lilola, gulani nsalu, nimupite nayo kwa telala wodziwika ntchito yake, miyezi iwiri ukwati usanafike. Onani jekete imene anasokera munthu wina zaka zitatu zapitazo, pakuti imeneyo ndiyo mboni yake. Panganani kuti mudzayesa kawiri, ndipo mlipireni mtengo woyenera, osamnenerera ngati mugula tomato wa madzulo. Ngati thumba silola, sankhani ya ubweya pa kaunjika, nimumpatse telala yemweyo aikonze; potero inu mudzavala bwino, iyenso adzadya. Ndipo inu atelala akuluakulu amene mukali ndi luso limeneli, tengani mnyamata kapena mtsikana mmodzi, mumkhazike pambali panu chaka chino, maso asanachite khungu. Agogo athu analimbira ufulu wovala chovalachi pamaso pa amene anawakaniza. Kungakhale kupusa kwakukulu ngati ife adzukulu awo, titaulandira ufuluwo, tilephera kudzisokera tokha.